Atsegulireni kalasi ana ajambuliremo filimu yawo

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi aphunzitsi aakulu komanso makomiti a makolo a m'sekondale za kuno ku Mzuzu. Pempho langa ndi loti holide ya mu Ogasiti ikafika, ana omwe akufuna kujambula filimu pasukulu pawo muwatsegulire kalasi.

Ine ndimakhala ku Chibavi, ndipo ntchito yanga ndi yojambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya a m'mipingo. Mwezi wathawu anyamata ndi atsikana a Fomu 3 a pa sekondale ina yoyendera mumzinda muno anandipeza kudzapempha nzeru. Akufuna kupanga filimu ya mphindi 30 yoti nkhani yake izifotokozedwa ndi nyimbo ndi magule, zonse zikuchitikira pasukulu. Anabwera ndi kope lodzaza ndi zolemba pamanja. Nkhani yake ndi ya mtsikana wochokera ku Nkhata Bay yemwe akuchita lendi kachipinda ku Ching'ambo ndi anzake awiri, akudziphikira okha, ndipo fizi ya teremu yachiwiri yamuvuta. Nyimbo apeka okha. Ina ndi ya pa asembule, ina ya ana omwe ali pachibalo chotchetcha udzu chifukwa chochedwa, ina ndi ya mtsikanayo ali yekha usiku akuwerenga ndi tochi ya foni. Koma atapita ku ofesi kukapempha malo, anawayankha kuti pasukulu si povinira, akaloweze za mayeso.

Mantha a aphunzitsiwo ndikuwamvetsa. Mayeso a MSCE si masewera, ndipo kholo lililonse lomwe likuvutika kupeza fizi limafuna kuona satifiketi. Komatu ana awa ali Fomu 3, ndipo asankha dala nthawi yomwe makalasi amakhala otseka. Ndiponso zisudzo pasukulu si zachilendo kuno kwathu. Mipikisano ya zisudzo ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, yakhala ikuchitika m'masekondale kwa zaka zambiri, ndipo malemu Du Chisiza Jr, yemwe anadzayambitsa gulu la Wakhumbata, anadziwikira m'zisudzo za kusekondale zomwezo. Lero kulinso NASFEST, chikondwerero cha luso la ana a sukulu. Ngati tinalola ana kukwera pa siteji, chovuta n'chiyani kuti aime patsogolo pa kamera?

Ndikufuna aphunzitsi aone kukula kwa ntchito yomwe ili mkati mwa filimu ya nyimbo, chifukwa ambiri akuganiza kuti ndi kungoloza foni n'kuyamba kuvina.

Chinthu choyamba ndi mawu. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akamamveka mwaphokoso amazimitsa pomwepo. Nyimbo zonse ziyenera kujambulidwa kaye, mu situdiyo kapena m'chipinda chachete chomwe mwapachikamo mabulangete m'makoma, kamera isanatulutsidwe n'komwe m'chikwama. Tsiku lojambula zithunzi, nyimboyo imaseweredwa pa sipika, ochita sewero n'kumaimba motsatira. Asamangogwedeza milomo ayi, aziimba ndithu mokweza, apo ayi pakhosi ndi pamapewa pamaoneka kuti munthu sakuimba. Asanayambe chigawo chilichonse, mmodzi amaomba m'manja kamodzi patsogolo pa kamera kuti podzalumikiza mawu ndi chithunzi pa laputopu pakhale poyambira. Nyimbo imodzi ya mphindi 3 imavinidwa kambirimbiri: kamera ili kutali kuti gulu lonse lioneke, kenako pafupi pankhope ya woyambitsa, kenako pamapazi. Nyimbo imodzi yokha imatha kudya tsiku lathunthu.

N'chifukwa chake Ogasiti ndiye mwezi wake. Tonse tikudziwa mvula ya ku Mzuzu, imagwa mpaka mu Epulo, nthawi zina kulowa mu Meyi, ndipo ikamagunda pamalata a kalasi yopanda siling'i ngakhale mphunzitsi amasiya kulankhula. Maikolofoni ndiye amangotola phokosolo basi. Juni ndi Julaye kumazizira, m'mawa kumachita nkhungu, komanso ndi nthawi yomwe anzawo a Fomu 4 amakhala akulemba mayeso, sungaike sipika pasukulu. Mu Ogasiti kumakhala kouma ndipo pasukulu pamakhala zii. Vuto lake ndi mphepo yokha, ndiye ndawauza kuti zokambirana za panja azijambula m'mamawa isanayambe kuwomba, ndipo maikolofoni aziivundikira ndi siponji.

Magetsi owalitsira alibe, ndipo sakufunika. Kalasi ya mazenera aakulu imakwana, bola wojambula apereke msana ku zenera kuti kuwala kugwere pankhope za anzake. Foni aziigwira chopingasa, aiike pa chinthu chokhazikika. Pafunika pawabanki popeza magetsi athuwa sadalirika, memori khadi yokwanira, ndi munthu mmodzi woti madzulo aliwonse azikopera zonse pa laputopu. Pafunikanso wina wokhala ndi kope lolembamo kuti lero uje anavala juzi, tayi inali yomasula, tsitsi linali lometa, chifukwa chigawo chomwe pafilimu chimaoneka ngati cha m'mawa umodzi chimatha kujambulidwa Lolemba ndi Lachinayi. Mwana yemwe wagwira kope limenelo kwa masabata awiri, kapena yemwe wawerengera ndalama za kabaza ndi chakudya cha anthu 20, musandiuze kuti sanaphunzire kanthu.

Chomwe chinandikoka mtima kwambiri ndi nyimbo ya pachibalo ija. Anandiimbira pakhonde panga popanda chida chilichonse. Mnyamata wina amamenya benchi ndi zikhatho ngati desiki, wina amagogoda botolo ndi supuni m'malo mwa limu la galimoto lija limapachikidwa pamtengo kukhala belu la sukulu, ndipo atsikana amapolokozana mawu uku akugwedeza manja ngati akutchetcha. Mtsikana woyambitsa amaimba m'Chitonga, anzake amayankha m'Chitumbuka, kolasi ili m'Chichewa. Palibe anawauza kuti atero. Ndi momwe amalankhulirana pa buleki, ndipo ndi momwe Mzuzu amamvekera ukadutsa mumsika kapena pa depoti. Mayi wina wogulitsa makala yemwe amadutsa anatula thumba lake n'kuima mpaka nyimbo inatha.

Ndawalangiza kuti asayerekeze kuikamo nyimbo za oimba ena, ngakhale zomwe zikuvuta pa TikTok. Lamulo la zaumwini wa luso la mu 2016 limateteza nyimbo za eni ake, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo kuti lizilondola zimenezi. YouTube ndi Facebook nazo zimatha kutseka mawu kapena kuchotsa kanema yemwe muli nyimbo ya mwini. Koma ngakhale lamulolo pakanapanda, kubwereka n'kwa chiyani? Kumpoto kuno kuli malipenga ndi chilimika a kunyanja, kuli ingoma ya ku Mzimba. Ana ambiri a m'kalasi imeneyi anakulira m'magule amenewa kumudzi kwawo, mayendedwe ake ali kale m'miyendo. Pa vimbuza pokha ndawachenjeza. Ndi gule wa machiritso, UNESCO inamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2008, ndipo si woti ana angomutenga kukometsera chigawo cha pa asembule asanafunse akuluakulu omwe amamudziwa.

Sindikunena kuti sukulu ingopereka makiyi n'kutembenuka. Ikani malamulo, ndipo akhale okhwima. Ahedi awerenge nkhani yonse isanajambulidwe. Mwana aliyense wosakwana zaka 18 abweretse kalata yosainidwa ndi kholo yovomereza kuti nkhope yake ioneke pa intaneti, chifukwa chomwe chaikidwa kumeneko sichibwerera. Pakhale mphunzitsi wamkazi ndi wamwamuna tsiku lililonse, ndipo 4 koloko ikakwana aliyense azipita kwawo kusanade. Ngati mukuopa kuti dzina la sukulu liipa, baji ya pa yunifolomu aiphimbe ndipo chikwangwani chisaoneke. Akadzafuna kuonetsa filimuyo kwa anthu molipiritsa, mphunzitsi awatsogolere ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, monga mwa lamulo. Zonsezi n'zotheka, ndipo sizidya ndalama ya sukulu.

Choopsa chenicheni ndi kuwakaniza. Ana awa mafoni ali nawo kale ndipo ajambula ndithu. Mukawatsekera geti akajambulira m'nyumba yosamaliza kumanga ku Mchengautuba, popanda wamkulu aliyense, atsikana akubwerako mdima utagwa. Inu makolo anzanga, mungakonde ziti?

Aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi, inu makamaka ndikukudandaulirani. Chaka chonse mumavutika kuphunzitsa ana za mpangankhani, malo ndi nthawi, tsinde la nkhani ndi kupeka ndakatulo. Apa ana akuchita zomwezo mwa kufuna kwawo, akukangana ngati mtsikana uja abwerere ku Nkhata Bay kapena apirire mpaka mayeso, akufufuta mzere wa nyimbo chifukwa sukugwirizana ndi kugunda kwa desiki. Mmodzi wa inu akangodzipereka kukhala patironi wawo, ahedi sangavutenso.

Kumbali yanga, ndalonjeza kuwabwereka maikolofoni ndi choimikira kamera, ndipo masiku omwe ndilibe ukwati ndizikhala nawo osawalipiritsa. Anzanga a masitudiyo a ku Katoto, Luwinga ndi Chiputula, ana otere akakupezani muwatsitsireko mtengo wojambulira nyimbo zawo. Filimu ikatha, oyamba kuionera akhale makolo ndi aphunzitsi, mu holo ya pasukulu pomwepo, teremu yatsopano ikangotsegulidwa.

Wojambula maukwati,
Chibavi, Mzuzu