Magudumu a kasitima kanga anasiya kugwedera

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku York, ku England, tilipo, kungoti nyengo yozizira yafika, ndipo 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale. Munandifunsa pa foni chimene ndimachita ndikaweruka kuntchito. Ndimakhala patebulo ndi tisitima. Inu amene mwatha zaka mukukonza njinga ndi mawayilesi pa Balaka ndinu mungaimve nkhaniyi, ndiye ndati ndikulembereni bwinobwino.

Kuno akuluakulu a imvi amayala njanji zing'onozing'ono m'nyumba, n'kumayendetsapo tisitima ta magetsi a mavoti 12. Muyeso wofala amautcha OO: chilichonse chimachepetsedwa ka 76.2, ndipo pakati pa njanji ziwiri pamakhala mamilimita 16.5. Mukaukulitsa mpata umenewo umakwana pafupifupi mamilimita 1,257, kutanthauza kuti ndi wopapatiza kuposa njanji zenizeni za kuno, za 1,435, koma wotakata kuposa yathu yodutsa pa Balaka, ya 1,067. Ena zimawanyansa zimenezi mpaka amadzipangira njanji zawo za 18.83. Ine za 16.5 zomwezi zimandikwanira.

Mutu wa sitima umene ndikufuna kukuuzani nkhani yake ndinaugula wogwiritsidwa kale ntchito, pa msika wa zidole zakale umene umachitikira m'holo. Ndi kachifaniziro ka mtundu wa J72, timitu tating'ono ta magudumu 6 timene tinkakankha mabogi m'masiteshoni ndi m'madoko a kumpoto chakum'mawa kwa England. Anayamba kutipanga mu 1898, omaliza anatuluka mu 1951, onse pamodzi 113, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni zaka zonsezo. N'chifukwa chake ndimakakonda: makina amene anthu anawaona kuti ndi abwino n'kuwasiya momwemo. Koma nditakaika panjanji kanayamba kuyenda mopendama uku ndi uku, kutsimphina pa malo amodzimodzi gudumu likazungulira, ndipo pamphambano ya njanji kanagwa.

Munthu ukaona zotere maganizo amathamangira kuti gudumu lapindika, ndiye dzanja limafuna pulayala. Apa ndi pamene tisitima tambiri timafera. Gudumu lenilenilo silipindika kawirikawiri, ndipo ukalikoka ndi pulayala umaswa masipoko, basi kwatha. Choyamba n'kuyang'ana. Ndinakagoneka chagada pa siponji, n'kugunditsa mawaya awiri kumagudumu, magetsi pang'ono kwambiri kuti azungulire mwaulesi. Litsiro lakuda limene limaumirira pamene gudumu limaponda njanji nalonso limadumphitsa sitima, choncho ndinayamba ndapukuta ndi kathonje koviika mu sipiriti. Kugwedera sikunathe, koma tsopano kunaoneka poyera kuti ndi magudumu apakati ndi akumbuyo.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe. Timitu tambiri ta zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tili ndi chasisi yogawika pawiri m'litali. Chitsulo cha kumanja chimatenga magetsi kunjanji ya kumanja, cha kumanzere kunjanji ya kumanzere, ndipo ziwirizi siziyenera kukhudzana. Ndiye ekiselo singakhale chitsulo chimodzi chodutsa mbali zonse. Gudumu lililonse lili ndi kachitsulo kake kakafupi, ndipo tiwiriti timalowa m'kapaipi ka pulasitiki pakati. Kapaipi kamodzi ndi kamene kalinso ndi giya yolumana ndi mota. Nzeru yake ndi yabwino ndithu, chifukwa sipafunika timawaya tokhula kumbuyo kwa magudumu. Koma pulasitiki ikakalamba imauma, pamene chitsulo chili m'katimo sichisintha, ndiye imang'aluka. Mng'alu wake ndi wochepa moti popanda galasi lokulitsa simungauone. Kapaipi kakang'aluka, gudumu silikhalanso chilili, limapendekeka, komanso limatha kupotoloka palokha osatenga linzake.

Kupotolokako ndiye vuto lalikulu, ndipo apa mundimvetse ngati wa njinga. Mapedulo a njinga amakhala motsutsana, ina pamwamba ina pansi, madigiri 180. Pa sitima ya malasha tizikhomo togwira mikono yolumikiza magudumu timasiyana madigiri 90 okha, kotala ya mzungulire: ka mbali iyi kakaloza kutsogolo, ka mbali inayo kamaloza pansi kapena pamwamba. Pa sitima yeniyeni anatero kuti pisitoni imodzi ikafika pothera pamene ilibe mphamvu yozunguza gudumu, inayo ikhale pakati pa ulendo wake ikukankha, apo ayi sitima ikanatha kuima pamalo oti singanyamukenso. Pa kachidole palibe nthunzi, koma mikono ija ilipo, ndipo imafuna kuti maekiselo onse atatu agwirizane. Imodzi ikasiyana ndi zinzake ngakhale pang'ono, mkono umakoka kwina, unzake kwina, n'kumangika kamodzi pa mzungulire uliwonse. Kutsimphina kuja kunali kumeneku.

Timapaipi tatsopano timapezeka kwa ogulitsa masipeya a tisitima, tina topangidwa ndi makina a 3D, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Ndinasintha tonse titatu, chifukwa kamene kanali kabwino n'kamsinkhu womwewo. Pochotsa takale umapotokola gudumu ndi zala pang'onopang'ono ukukoka, kenako n'kupukuta mafuta onse patizitsulo, poti guluu sagwira pa mafuta. Polowetsa tatsopano ndinagwiritsa ntchito vayisi yaing'ono, nditaika timatabwa mbali zonse kuti tizikhomo tisaphwanyike, n'kumafinya pang'ono, kuima, kuyang'ana, kufinyanso. Nyundo ayi.

Pali miyeso iwiri yoti ikwane nthawi imodzi. Woyamba ndi mpata wa pakati pa misana ya magudumu awiri, umene pa OO ambiri amauika pa mamilimita 14.5. Pali kachitsulo ka mkuwa koyezera, kamene kayenera kulowa mothina pang'ono paliponse pamene mwakalowetsa. Kakathina mbali ina n'kukhwepa mbali ina, ndiye kuti gudumu lapendekeka. Mpata ukachepa kapena kukula, sitima imayenda bwino panjanji yowongoka koma imakwera pamphambano. Wachiwiri ndi kotala ija. Ine ndimayang'ana kudzera m'masipoko moloza nyale, kuti a gudumu ili afanane ndi a linzake mofanana pa maekiselo onse. Ndipo kunena zoona, madigiri 90 enieni si ofunika kwambiri ngati kufanana. Onse atatu atakhala pa 88, kasitima kayenda bwino, koma awiri pa 90 imodzi pa 85, kamangika.

Ndisanathire guluu ndinagubuduza ekiselo iliyonse pa kalilole, pamene kupendama kulikonse kumaonekera, kenako ndinabwezera magudumu ndi mikono, mota ndisanailumikize, n'kumakankha ndi chala. Pamene panamangika ndinapotoza gudumu limodzi pang'ono chabe mpaka zonse zinamasuka. Apo m'pamene ndinadontheza guluu ndi nsonga ya singano. Chinthu china chimene inu a mawayilesi simungachiiwale: tizitsulo tiwiri tija tisakumane m'kati mwa kapaipi, chifukwa tikagundana ndi shoti. Ndinayeza ndi mita gudumu ndi linzake, singano sinasunthe. Mafuta ndinaika kadontho kamodzi pamalo alionse ozungulira, a mtundu wosadya pulasitiki, ndipo ndinakasiya kakuzungulira theka la ola kupita kutsogolo, theka lina chafutambuyo.

Tsopano kamanyamuka mwakachetechete, mikono ikukwera ndi kutsika mofatsa, ndipo kamadutsa mphambano kakukoka mabogi osagwedeza mutu. Ndakutumizirani kavidiyo pa WhatsApp, muonetsetse magudumu apakati. Mundiuzenso ngati mita yanu ikugwirabe ntchito, chifukwa kuno zilipo zotsika mtengo ndipo ndikhoza kupatsira munthu wobwera kumudzi. Mupereke moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa mayi.

Ndine mnzanu,
wa ku York