Ojambula zithunzi, amayi anga mwawapititsa kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu, poti kwa amene anandilakwirawo ndapitako kawiri ndipo kawiri konse angondiseka.

Amayi anga anatisiya chaka chatha ali ndi zaka 81. Mwezi wathawu abale tinagwirizana zomanga chiliza, ndipo ine monga mwana woyamba anandituma kukakulitsa chithunzi chawo kuti chikhale m'felemu pa tsiku la mwambo. Chithunzi chooneka bwino chinalipo chimodzi chokha, chimene mdzukulu wawo anawajambula pafoni ali pakhonde, atavala yunifolomu ya Mvano. Ndinapita nacho ku situdiyo ina m'tauni, ndinalipira K25,000, ndipo ndinanena pakamwa panga kuti: kulitsani basi.

Patatha masiku atatu anandipatsa chithunzi cha mayi wina amene sindinamuonepo chibadwire. Amayi anga anali akuda bii, ndipo sanachitepo nako manyazi kudako. Wa pachithunziyo wayera mbee ngati wagwera mu ufa. Makwinya onse psiti, nkhope see ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Mphuno aichepetsa. Mano awadzaza, pomwe mudzi wonse ukudziwa kuti awiri akutsogolo anaguluka kalekale. Koma chimene chinandibaya mtima ndi mphini. Amayi anali ndi mphini zitatu tsaya lililonse, zimene anawatema agogo awo iwo ali namwali. Tili ana tinkaziwerenga ndi chala tikakhala pamiyendo pawo. Mnyamata wa pakompyuta wazifufuta zonse zisanu ndi imodzi ngati akuchotsa chitosi cha nkhuku pa mphasa.

Nditamufunsa anayankha osandiyang'ana n'komwe, maso ali pafoni: "Madala, timangokonzako, makasitomala onse amakonda choncho. Zipserazo zimaipitsa chithunzi." Zipsera! Munthu wabadwa dzulodzuloli, sadziwa kusiyana kwa mphini ndi chipsera, koma wapatsidwa mphamvu yosankha nkhope imene zidzukulutudzi za amayi anga zidzaidziwe. Ndinapempha kuti abwezeretse. Akuti ndilipirenso, chifukwa pepala ndi inki zinapita kale. Ndiye kuti ndilipire kawiri: koyamba kuti awononge, kachiwiri kuti aleke kuwononga. Bizinesi yokoma bwanji!

Nthawi inali itatha, ndiye chithunzicho ndinapita nacho kumudzi momwemo. Azakhali, mng'ono wawo wa malemu, anachiyang'ana nthawi yaitali kenako anandifunsa pamaso pa anthu: "Iwe, mkazi ameneyu ndi wa kwa yani?" Anthu anaseka, ine thukuta kamukamu. Pa mwambo wonse felemuyo inakhala m'nyumba yoyang'ana kukhoma.

Akonzi, ine sindikudana ndi Photoshop kapena mafyuluta a pafoni. Chithunzi chikakhala chakale, chodyedwa ndi chiswe kapena chothimbirira ndi utsi, kuchikonza ndi ntchito yabwino ndipo ndingalipire mosanyinyirika. Mtsikana akafuna kuti chiphuphu cha pa tsiku la ukwati chisaoneke, n'zake zimenezo, wapempha yekha. Koma anauza ndani anyamatawa kuti munthu wakuda aliyense amalakalaka kuyera? Taonani zithunzi za maukwati masiku ano pa Facebook: mkwatibwi nkhope yoyera, manja akuda, ngati mutu anabwereka kwa wina. Tinaziona pa zisankho za 2025, zikwangwani za ofuna uphungu ndi ukhansala atabwerera unyamata, moti munthu akafika pamsonkhano anthu ankadikirabe kuti mwini chithunzi atsika liti m'galimoto. Kenako tizidabwa ana athu aakazi akamathamangira mafuta oyeretsa khungu m'misika, mpaka nkhope kupsa ngati chimanga chootcha. Akuphunzira kuti? Chithunzi chawo chomwe chikuwauza kuti mmene anabadwiramo sizinakwane.

Anzathu kunja anaiona kale nkhaniyi. Ku France, kuyambira 2017, chithunzi chotsatsa malonda chimene thupi la munthu lasinthidwa pakompyuta chimayenera kulembedwa kuti chakonzedwa. Dziko la Norway linatsatira mu 2022, ndipo lamulo lawo limakhudzanso khungu. Mu 2017 momwemo katswiri wa mafilimu Lupita Nyong'o anadzudzula poyera magazini ya Grazia ku Britain itamuchotsera tsitsi lake pachikuto, ndipo eni magaziniyo anapepesa. Iyeyo ndi wotchuka, anamumvera. Nanga mayi wa kumudzi amene ali m'manda adzadzudzula bwanji? Ngakhale boma lathu lomweli, pojambula chitupa cha unzika, limakutenga mmene ulili, mphini ndi makwinya omwe, chifukwa likudziwa kuti munthu amadziwika ndi zimenezo.

Ndikufunsa a bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi a bungwe loimira ogula la CAMA: munthu akalipira kuti amukulitsire chithunzi n'kupatsidwa nkhope ya mlendo, si kumugulitsa katundu amene sanaitanitse kumeneko? Kapena ufulu wa ogula umathera pa shuga ndi mafuta ophikira? A mipingo nanunso, mapulogalamu a maliro amene mukugawa m'matchalitchimu muziwayang'anako, ena mwa malemuwo ngakhale abusa awo sangawazindikire.

Pempho langa ndi lalifupi. Situdiyo iliyonse izifunsa kaye isanakhudze nkhope ya munthu, izionetsa kasitomala pakompyuta isanasindikize, ndipo ikasintha popanda chilolezo izisindikizanso ndi ndalama zake. Za ine, K25,000 ija ndikuifunabe, ndipo Lolemba ndikupitanso kachitatu, ulendo uno ndi azakhali.

Wokhumudwa,
Mulanje