Njinga yakonzeka, watsala ndiwe

Lilongwe

Mnzanga Yamikani,

Ndikhulupirira uli bwino ku Glasgowko. Kuno tonse tilipo, ndipo mayi akuti ndikukumbutse kuti unalonjeza kubwera chaka chino.

Ukukumbukira tili ku sekondale, titatopa ndi kuloweza zaka za David Livingstone, tinkati tsiku lina tidzapita tokha kukaona malo amene iye anadutsamo? Iwe unaseka n'kunena kuti ine ngakhale pa Dedza sindingafike wapansi. Basi ndaganiza zopita, koma pa njinga. Ndagula ya kaunjika, ya magiya. Mmisiri wina wa ku Area 25 wasintha tcheni, wamanga masipoko akumbuyo, ndipo kaliyala wailimbitsa moti ukhoza kukwezapo thumba la chimanga. Mayi a Tadala akuti ndapenga. Ndinawayankha kuti anthu ogulitsa makala amalowa mu Lilongwe m'mamawa uliwonse atapalasa usiku wonse ndi matumba atatu, koma palibe amawatcha amisala. Akuti iwowo amabwerako ndi ndalama.

Tidzakwera basi mpaka ku Blantyre, n'kutsikira ku Chikwawa. Poyambira penipeni ndi pa Kapichira, pamene mathithi a Shire anatsekera njira sitima ya Livingstone ija, Ma Robert, mu 1859. Iye anawatcha mathithi a Murchison, ngati kuti analibe dzina. Kuchoka apo pali chitunda cha Thabwa, ndipo ndikuuziretu, pamenepo tidzakankha njinga, palibe chochitira manyazi. Kenako Magomero, pamene Bishopu Mackenzie anakhazikitsa mishoni ya Anglican ya UMCA mu 1861, asanamwalire ndi malungo kufupi ndi mtsinje wa Ruo mu Januwale 1862. Ndiye Zomba kuti tione nyanja ya Chilwa, Liwonde, mpaka ku Mangochi kumene Shire amatulukira m'nyanja. Kumeneko Livingstone anafika mu Seputembala 1859.

Aphunzitsi ankatiuza kuti "anatulukira" nyanja, ife n'kumalemba choncho pa mayeso. Koma pamene ankafika anapeza mabwato ali pamadzi, anthu akuyanika nsomba. Ndikamawerenga nkhaniyi tsopano, mtima wanga umapita kwa anthu amene ankayenda naye. Tenga Chuma. Anali kamnyamata ka Chiyao, mmodzi mwa akapolo amene anamasulidwa mu 1861 m'dera lomweli la Shire. Patapita zaka, Livingstone atafera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, Chuma yemweyo ndi mnzake Susi ndi amene anatsogolera gulu lonyamula mtembo. Mtima anaukwirira pansi pa mtengo wa mpundu, thupi analiumitsa, nayenda nalo wapansi miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo. Tangoganiza, kusenza maliro kudutsa m'midzi ya eni, pamene aliyense akudziwa mmene mafumu amaonera mtembo wachilendo ukamadutsa m'dziko lawo. Ife tikudandaula ndi chikwama cha zovala pa kaliyala!

Nawonso Amakololo amene anabwera ndi Livingstone sanabwerere onse kwawo. Ena anatsala ku Chikwawa n'kukhala mafumu, ndipo mayina ngati Kasisi, Katunga ndi Maseya alipobe mpaka lero. N'chifukwa chake sindikufuna kudutsa Chikwawa mothamanga. Ndikufuna tigoneko masiku awiri, tikalonjere kwa amfumu mwaulemu, tikhale pansi ndi akuluakulu timve zomwe makolo awo anawasiyira. Za m'mabuku tinazimva kale.

Kuchokera ku Mangochi tidzapatukira ku Cape Maclear. Mishoni ya kumeneko, yotchedwa Livingstonia, inayamba mu 1875, mwini dzina atamwalira kale, koma manda a amishonale aja ndi oyenera kuwaona, ndipo miyendo idzafuna kupuma m'madzi. Kenako Golomoti, Salima, n'kutsata msewu wa M5 mpaka ku Nkhotakota, pa mkuyu umene Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, wamalonda a akapolo uja. Tidzathera pamenepo. Za Livingstonia ndi makhota a Gorodi tisiyire chaka china. Ndiponso mmishonale Robert Laws anakakhazikika ku Khondoweko, kumene kuli Livingstonia ya lero, mu 1894, si njira ya Livingstone ayi.

Mwezi ndasankha Julaye. Mu Okutobala dzuwa la ku Chikwawa lingatiwotche amoyo, ndipo m'dzinja matope ndi udzudzu sizingatilole. Mu Julaye mwera umawomba kuchokera kumwera, ndiye tikamalowera kumpoto m'mbali mwa nyanja udzatikankha kumsana. Chiperoni cha ku Blantyre chokha ndiye chidzatinyowetsa, koma iwe wazolowera zoposa pamenepo. Ndikuwerengera makilomita 60 kapena 70 patsiku, kunyamuka tambala akulira, kupuma dzuwa likafika pamutu. Pogona ndi m'maresitihausi, pena kupempha malo ku tchalitchi, neti ya udzudzu ili m'chikwama. Chimene ndikuopa si chitunda kapena ng'ona za mu Shire, koma mathiraki ndi maminibasi, chifukwa m'malo ambiri m'mphepete mwa tala munadyeka. Dzuwa likalowa, ife tatsika pa njinga.

Tsono ndikutume. Kwawo kwa Livingstone, Blantyre wa ku Scotland, ndi pafupi ndi kumene ukukhalako, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Anabadwira kumeneko mu 1813 ndipo anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Upiteko Loweruka lina, ukandijambulire nyumbayo, ndipo ukayang'ane ngati dzina la Chuma analilemba pena pake. Pobwera unditengere chishalo chofewa ndi kabudula wa siponji uja amavala opalasa. Machubu, zigamba ndi pampu usavutike nazo, mu msika wa kuno zadzaza.

Njinga yako ndaionera kale kwa mmisiri yemwe uja, wati andisungira mpaka kutha kwa mwezi. Undiuze tsiku lofikira pa Lumbadzi ndisanapereke ndalama.

Ndine mnzako,
Chifundo