Achimwene, Chingerezi cha ku Sheffield Si Chija cha ku Houston

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Poti mukusamuka ku Houston ku America kupita ku Sheffield ku Britain, ndati ndikulembereni za mawu amene mukakumane nawo m'basi, kuntchito ndi m'mashopu.

Amene amagwetsa anthu kwambiri ndi mawu oti mukuganiza kuti mumawadziwa kale. Ku America munthu akati "I'm pissed" ndiye kuti wakwiya, koma ku Britain ndiye kuti waledzera. Wokwiya amati "pissed off". Mukakauza abwana m'mawa kuti muli "pissed" chifukwa basi inachedwa, iwo akamva kuti mwabwera mutamwa. "Pants" kumene muliko ndi buluku, pomwe kwa Angerezi ndi kabudula wamkati, ndipo akati "that's pants" akunyoza chinthu kuti n'chachabechabe. Kachikwama komanga m'chiuno kaja musakakatchule "fanny pack" ngakhale pang'ono, chifukwa "fanny" kumeneko ndi mawu otukwana onena za maliseche a mkazi. Iwo amati "bum bag". Ana nawonso muwauze kuti kusukulu mnzawo akapempha "rubber" akufuna chofufutira, monga timanenera kwathu, osati kondomu ngati ku America.

Chenjerani ndi "quite good". Mmereka akatero wayamikiradi, koma Mngerezi nthawi zambiri akutanthauza kuti zili bwinoko pang'ono chabe. Mumve pamene wakweza mawu: akatsindika "quite", ntchitoyo sinamusangalatse kwenikweni.

Za ndalama n'zosavuta. Paundi ndi "quid", ndipo saikako s, amangoti "twenty quid". "Fiver" ndi £5, "tenner" ndi £10. Obetcha pa mpikisano wa akavalo ndi ogulitsa m'misika ya ku London amati "pony" ponena £25 ndi "monkey" ponena £500. Agogo ena amanenabe "a few bob", kukumbukira shilingi yakale ya ndalama zimene anasintha pa 15 February 1971.

Mawu a Cockney, ochokera ku East End ya London, ali ndi kapangidwe kake. Amatenga mawu awiri kapena atatu omwe lomalizira lake limamveka mofanana ndi limene akufuna kunena, kenako lomaliziralo n'kulitaya. "Look" imasanduka "butcher's hook", ndiye amangoti "have a butcher's", kutanthauza kuti taonani. "Lies" imasanduka "pork pies", n'chifukwa chake wonama amamuuza kuti akunena "porkies". "Use your loaf" ndi kuti ganizani bwino, pakuti "loaf of bread" ndi "head". Mlendo sangatulukire tanthauzo payekha chifukwa mbali imene ikanamuthandiza ndi imene yachotsedwa.

Koma amene mukawamve tsiku ndi tsiku ndi a ku Yorkshire, dera limene kuli Sheffield, ndipo amenewa ndi amene ndikufuna muwagwire bwino. Anthu a ku Sheffield amagwiritsa ntchito "while" pamene ena amati "until". Akati mugwire "eight while four", ntchito ikuyamba 8 koloko mpaka 4 koloko. "Half seven" ndi 7:30, osati 6:30. "Dinner" ndi chakudya chamasana, "tea" ndi chamadzulo, choncho wokuitanani ku "tea" wakukonzerani chakudya chenicheni, musadyeretu kunyumba. "Mardy" ndi munthu wonyanyala msanga, "nesh" ndi wosachedwa kumva kuzizira, ndipo dzinali likakukhalani ndithu m'miyezi ya January ndi February. "Gennel" ndi kanjira kopapatiza pakati pa nyumba. Banzi amati "breadcake". Dalaivala wa basi, mwamuna mnzanu, akakuitanani "love" musadabwe kapena kukwiya, ndi ulemu wamba wa kumeneko.

Moni wawo ndi "You alright?" Sakufunsa ngati mukudwala, ndiye musayambe kufotokoza za msana. Yankho ndi "Alright, you?" basi. Wina akati ali "chuffed" wasangalala, "gutted" wakhumudwa kwambiri, "knackered" watheratu ndi kutopa, "skint" alibe ndi khobidi lomwe.

Langizo langa n'lakuti miyezi yoyamba muzingomvetsera. Kwa abwana ndi pa mafunso a ntchito gwiritsani Chingerezi chija tinaphunzira kusukulu, chomwe n'chochokera ku Britain komweko. Mawu amene akakusokonezeni muziwalemba, mudzanditumizire pa WhatsApp.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine wanu,
Mavuto