Foniyo uziyigoneka pabalaza

Matawale, Zomba

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka, kungoti bondo lija likuvuta ndi kuzizira kwa June kotsika m'phirimu.

Mng'ono wako wandiuza kuti sukugona. Akuti foni sichoka m'manja, usiku wonse kumangoyang'ana ngati aja anakuyitana ku intavyu ayankha, ndipo dzulo unamuimbira katatu kumufunsa ngati anthuwo akulembe ntchito. Nanga iye adziwa bwanji?

Ndakulera ndine. Iwe uthenga woipa umaupirira, chimene chimakudwalitsa n'kusadziwa. Muja tinkadikira zotsatira za MSCE unaonda mpaka siketi kumavuka yokha, koma zitatuluka, masamu atakukanika, unadya mitanda itatu ya nsima.

Mtimawu unatengera bambo ako. Mu 1995, nyanja ya Chilwa itaphwa, tinali ku Kachulu iwe usanabadwe. Mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka, matemba osaoneka. M'mawa uliwonse bambo ako ankapita kukazika kamtengo pamene madzi alekezera, kuti aone ngati akubwerera. Akabwerako mtima unkakhala pansi, koma likamafika dzuwa paliwombo wayambanso kugunda, basi ulendo kukaonanso kamtengo kaja. Nsima osadya, kumangodandaula mutu ndi m'mimba. Nkhawa imatero. Ukapita kukayang'ana imagona kanthawi, kenako imadzuka ndi njala yoposa poyamba, poti waiphunzitsa wekha kuti kusadziwa n'chilombo. Bambo ako anayamba kugona tulo agogo ako atawapatsa khasu kuti akalime dimba m'mbali mwa Likangala. Madzi anabwerera iwo ali kalikiliki ndi tomato.

Sindikuti ukudandaula zachabe. Chigwetsereni kwacha mu November 2023 zinthu sizikugwirika, ndipo anzako ambiri amene munamaliza nawo ku Chanco ali pakhomo ndi madigiri awo. Koma foniyo uziyiona m'mawa ndi madzulo basi, usiku izigona pabalaza. Masiku oyamba mtima udzawawa, usaithamangire, udzazizira wokha. Makalata ena ofunsira ntchito uzilembabe, ndamva wasiya poopa kukanidwa.

Mtima ukapitiriza kuthamanga, tulo n'kumasowabe, pita kuchipatala ukafotokoze. Ife a kuno tikangomva za matenda a maganizo timaganiza za ku Mental, n'kumabisa. Nkhawa si misala, ndipo thandizo lake lilipo.

Loweruka ubwere tidzatong'ole chimanga, ndekha sindingathe.

Ndine mayi ako.