Kalata yopita ku Chelinda

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako yafika. Masamba awiri onse agulugufe a usiku okhaokha, za moyo wako kamzere kamodzi! Chisanu cha ku Nyika sichikukudwalitsa kodi? Kuno ku Mangochi dzuwa likuswa mtengo.

Wati madzulo umawaona, onenepa, amapiko osongoka, atayima m'malere pamaso pa duwa osatera, akuyamwa timadzi ndi mlomo wotalika kuposa thupi. Sindikudabwa. Paja phiri lanulo lili ndi mitundu ya maluwa a orchid yoposa 200, ndipo ena amabisa timadzi pansi penipeni pomwe njuchi singafike. Zoti amayamba anjenjemeretsa mapiko kuti thupi lifunde asanauluke zandimvetsa chisoni, ndaganiza za iwe pamtunda wa mamita oposa 2,000, wopanda wokukolezera moto.

Koma iwe, abale awo andilowera m'dimba. Mbozi zonenepa ngati chala chachikulu, zina zobiriwira zina zoderapo, mizere yopendekera m'nthiti, kanyanga kumchira. Kholowa zamudya mpaka kutsala mitsitsi ya masamba yokha. Alangizi akuti dzina lake ndi Agrius convolvuli, gulugufe wake amauluka mpaka ku Ulaya, ndipo mbozi ikakhuta imalowa m'nthaka kukasanduka. Ndiye ndikaponda mzere ndimangoti pansipa pagona ena. Usiku tulo osabwera. Masamba akatha ndiwo zatha, mbatata siikula, nanga fizi ya mwana ichokera kuti? Ndinafuna kupopera mankhwala, koma akuti agulugufe a mtundu umenewu ndi amene amanyamula mungu pa maluwa a mapapaya. Mapapaya ako aja unabzala kuseri kwa khitchini akubereka chaka chino, ndingawalande bwanji? Ndikungotola ndi manja m'mamawa uliwonse, msana kuwawa.

Anganga nawo sakudya bwino. Gulugufe wina anatera pa nyali, wokhala ndi chithunzi cha chigaza pamsana, atamugwira analira kuti tswii. Iwo akuti ndi malodza. Ndawauza kuti ameneyo amangoba uchi m'ming'oma, sakumva. Ukawalembere wekha, iwe amakumvera.

Amalume ako anakwatira, alamu anasamukira ku Namwera, chambo chakwera mtengo. Zonsezo ndidzakuuza bwino.

Undifunsireko kwa anzako oteteza zachilengedwewo ngati mbozizi zimabwereranso mvula ikayamba, chifukwa ngati zibwera ine mbewu ya mbatata sindi

Pepala landithera. Ubwere pa Khirisimasi.