Dandaulo pa mabuku a ziphaso za msika omwe munatisindikizira

Kwa Mkulu wa Kampani,

Bwana,

Ndine khansala, wapampando wa komiti yoona za chuma pa khonsolo ya tauni yathu. Ndaganiza zolemba kalata chifukwa foni yandikanika. Mtsikana wa pa kauntala yanu amandizindikira tsopano ndikangopereka moni, ndipo yankho lake silisintha: "Abwana angotuluka kumene, akuimbirani." Iyi ndi sabata yachisanu ndikudikira kuimbiridwako.

Nkhani ndi ya mabuku 600 a ziphaso za msika ndi za pa depoti omwe kampani yanu idapambana tenda yosindikiza. LPO, chikalata chathu choitanitsa katundu, tidakupatsani mu Febuluwale, ndipo pa pepala lomwe woimira wanu adasainira palembedwa kuti katundu afike pakati pa mwezi wa Malichi. Tsikulo sitidangolitola pansi. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo ndi tsiku lomwelo pomwe mtengo watsopano wa chiphaso, K500 m'malo mwa K300, umayenera kuyamba. Mabuku adafika pa 22 Epulo. Nditamufunsa mnyamata amene adawabweretsa, adati ku ofesi kwanu ankaganiza kuti makhonsolo amayamba chaka mu Julayi. Bwana, za Julayi zidatha. Kuyambira 2022 boma lonse limayamba chaka mu Epulo, ndipo kampani yodya nawo ndalama za makhonsolo imayenera kudziwa zimenezi popanda kukumbutsidwa ndi khansala.

Mwina kwa inu masabata atatu ndi nkhani yaing'ono, choncho ndiloleni ndikuuzeni momwe K500 ameneyu adabwerera. Bajeti ya khonsolo sitiphika tsiku limodzi. Timayamba ndi misonkhano ya m'mawodi, kumva zomwe anthu akufuna: uku ngalande, uko mlatho wa matabwa wawola, kwina chimbudzi cha msika chadzaza. Zikachoka kumeneko zimalowa m'makomiti, kenako ku komiti yathu ya za chuma komwe timadula ndi kuphatikiza, ndipo pomaliza mkumano wa khonsolo yonse umavomereza tisanatumize ku National Local Government Finance Committee, bungwe la boma loona za chuma cha makhonsolo, kuti akaunike. Pa nkhani yokweza chiphaso tidakhala pansi ndi atsogoleri a mavenda kanayi konse. Tidatukwanidwa, tidapirira. Adavomera pokhapokha titalonjeza kuti thirakitala izichotsa zinyalala kawiri pa sabata komanso kuti mpopi wa ku chigawo cha nsomba ukonzedwa.

Ndiye pa 1 Epulo otolera msonkho athu adalowa mu msika ndi ziphaso zakale zolembedwa K300. Mavenda adakana kupereka K500 pa pepala lonena K300, ndipo ine sindingawadzudzule, chifukwa nanenso ndikadakana. Pa masiku 21 tidatolera mtengo wakale. Misika yathu iwiri ndi depoti zimadula ziphaso pafupifupi 900 pa tsiku. K200 pa chiphaso chilichonse kwa masiku amenewo ndi K3,780,000. Ndalama imeneyi idalembedwa kale mu bajeti, ili ndi ntchito yake.

Anthu ambiri amaganiza kuti khonsolo imangolandira ndalama kuchokera ku Lilongwe. Zochokera ku boma zilipo, koma zimabwera zitamangidwa kale pa ntchito zake, simungatapeko kuti mugule dizilo wa thirakitala. Malipiro a osesa mu msika, a alonda, a otolera msonkho omwewo, mabilu a madzi ndi magetsi, zonsezi zimachokera mu ndalama zomwe timatolera tokha: msonkho wa malo ndi nyumba, malaisensi a bizinesi, ndi ziphaso za msika. Wa malo ndi nyumba uja anthu amapereka mokoka miyendo, ena mpaka chaka kutha. Chomwe chimalowa tsiku ndi tsiku, chomwe chimatisunga amoyo, ndi kapepala kamene inu mumasindikizaka. Mwezi wa Epulo osesa adalandira mochedwa, ndipo thirakitala idagona masiku asanu ndi atatu yopanda mafuta, mavenda akutiloza zala kuti tawanamiza.

Koma kuchedwako ndikadakukhululukirani. Ngakhale za inki yanu, yomwe imafufutika chiphaso chikangokhudzidwa ndi dzanja lonyowa, sindichulukitsa mawu, ngakhale mukudziwa kuti ogulitsa tomato, ndiwo zamasamba ndi nsomba manja awo sauma. Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi manambala.

Chiphaso cha msika ndi ndalama. Buku lililonse likafika ku sitolo ya khonsolo limalembedwa mu kaundula, nambala yoyamba ndi yomaliza. Wotolera msonkho akatenga buku amasainira, ndipo madzulo amabweza tizidutswa totsala m'buku pamodzi ndi ndalama, kalaliki n'kuwerengetsa: ziphaso zakutizakuti zadulidwa, ndalama ikhale yakutiyakuti. Njira yonseyi yatsamira pa chinthu chimodzi, choti nambala iliyonse ilipo kamodzi basi. Nambala ikapezeka kawiri, woona za kayendetsedwe ka ndalama aliyense amaganiza chimodzi, kuti wina wasindikiza ziphaso zake kuseri ndipo akuika ndalama m'thumba.

Ndi zomwe zidachitika mu Meyi. Oditala wathu akuyendera msika waukulu adapeza ziphaso m'manja mwa mavenda zokhala ndi manambala omwe, malinga ndi kaundula, adadulidwa kale ku depoti sabata yapitayo. Amene adadula ziphasozo ndi mayi wina yemwe watolera msonkho pa khonsolo ino zaka 11 popanda kusowetsa ngakhale tambala. Adaimitsidwa ntchito tsiku lomwelo, monga malamulo athu amanenera, ndipo kalata yowaimitsayo ndidaiona ine ndi maso anga, ndikuvomereza. Nkhani ya mu msika siyenda pansi, imauluka. Pofika madzulo anyamata onyamula katundu ankawakuwiza kuti wakuba, mwana wawo akumva. Padatenga masabata awiri kuti wina aganize zotsegula makatoni onse omwe adali asanatsegulidwe. Tidakhala pansi anthu asanu, Loweruka lathunthu, kuwerenga buku ndi buku. Tidapeza mabuku 40 obwereza manambala a mabuku ena 40, ambiri adakali omata ndi tepi ya kampani yanu.

Mayiwo adabwerera pa ntchito ndipo malipiro awo tidawabwezera. Koma mu msika mulibe amene adawerenga lipoti la oditala. Adapempha kuti tiwasamutsire ku ofesi, akuti sangathenso kuimirira pamaso pa anthu aja ndi buku m'manja. Ine ndidapita kwawo kukapepesa. Kuchokera kwa inu sadamve kanthu, ngakhale ndidamufotokozera woimira wanu nkhani yonseyi pa foni, iye n'kungoti, "Pepani, makina amatero nthawi zina."

Ngati makina anu amatero nthawi zina, ndiye pali funso lomwe likundisowetsa tulo. Mabuku obwereza omwe tawaona ndi 40. Kodi adatuluka 40 okha? Mapepala oonongeka posindikiza mumawatani, amawotchedwa pamaso pa ndani? Ngati kunja kuno kuli buku limodzi lokha la ziphaso zathu lomwe silidadutse ku sitolo ya khonsolo, wina akhoza kumatolera msonkho m'dzina lathu ife osadziwa. Sindikunena kuti wantchito wanu waba. Ndaphunzira kale pa mayi aja kuipa kothamangira kuloza munthu. Ndikungofuna yankho lolembedwa.

Woimira wanu adadandaulanso za kukwera mtengo kwa mapepala ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Zimenezo tikuzidziwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yathu yomwe idasanduka nthano, simenti ndi dizilo zidatithawa m'manja. N'chifukwa chake kotesheni yanu, yomwe idali yokwera kuposa ya chaka chatha, komiti yogula katundu idaivomera osakangana nanu. Mudapatsidwa mtengo womwe mudapempha. Kukwera kwa mapepala sikubwereza manambala.

Ndinene ichinso, ngakhale sichikukhudzani mwachindunji. Dziko lino lidakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo m'zaka zimenezo anthu adazolowera kuganiza kuti ndalama za khonsolo zimangolowa m'dzenje. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limatipatsa mphamvu yotolera msonkho, koma mphamvu ya pa pepala siitulutsa K500 m'chikwama cha mayi wogulitsa mandasi. Amapereka akakhulupirira kuti kapepala kamene walandira n'koona. Chikhulupiriro chimenecho takhala tikuchiwunjika pang'onopang'ono, ndipo tsopano atsogoleri a mavenda akufunsa kuti adziwa bwanji kuti chiphaso chili m'manja mwawo si chachinyengo.

Komiti yanga yagwirizana izi. Invoyisi yanu siilipidwa mpaka nkhaniyi itatha, ndipo a ku ofesi ya akaunti adziwitsidwa kale. Mubwere mudzatenge mabuku 80 onse okhudzidwa, titawerengera limodzi ndi kusainirana, ndipo musindikize ena ndi manambala atsopano komanso inki yosafufutika, mwa ndalama zanu. Mutilembere momwe kubwerezaku kudachitikira ndi komwe kudapita mapepala otsala. Pa K3,780,000 ija, pangano lathu lili ndi ndime ya chilango cha kuchedwa, ndipo tidzadula malinga ndi ndimeyo. Chomwe ndikuchifunitsitsa ine pandekha ndi kalata yochokera kwa inu, ya m'Chichewa, yonena poyera kuti cholakwa chidali cha kampani yanu osati cha wotolera msonkho. Tidzaiwerenga pa msonkhano wa mavenda ndi kuimata pa geti la msika.

Tikupatsani masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi. Akadutsa osamva kanthu, mlembi wamkulu wa khonsolo adzatumiza nkhaniyi ku bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ka katundu m'boma, lomwe lili ndi mphamvu zoletsa kampani kupikisana nawo pa tenda iliyonse ya boma. Komiti ya za chuma ikumananso Lachinayi la sabata yamawa, 9 koloko m'mawa, mu holo ya khonsolo. Mpando wanu tikusungirani, ndipo makatoni aja adzakhala pa tebulo.

Ine wanu,

Wapampando wa Komiti ya za Chuma